Ndani Anamasula Mbuzi Tsiku Lija

M'mawa uliwonse Margarida ankadzuka manja ake asanadzuke. Maso ankatsegula kusanayere bwino, koma zala zinkatsala zitapindika ngati mapazi a nkhuku yakufa, ndipo zinkakhala choncho mpaka dzuwa litafika pamwamba pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nkhokwe. Ankatuluka kapulana, nsalu yake yovala, ataipanira m'khwapa, poti mfundo sakanatha kumanga, n'kukakhala pa mwala wa pakhomo kudikira. Mapazi nawo, poyamba kuponda, ankamva ngati wina wamwaza timiyala pabwalo ponse. Sankalira. Chaka chimenecho cha 1987 anthu a ku Nsadzo anali atasiya kulirira zinthu zazing'ono.

Amuna ake, a Cipriano, anabwerera kumudzi mu Novembru, mvula yoyamba itangogwa. Anthu a mfuti a m'thengo anawagwira kumunda mu Abrili akuthyola chimanga, ndipo miyezi isanu ndi iwiri anakhala akuwasenzetsa katundu mpaka tsiku limene anapeza mpata wothawa. Anafika atawonda, mapewa atachita zikang'a ngati khosi la ng'ombe ya pangolo. Za kumeneko sankakamba. Anadya m'mbale imodzi ndi mkazi wawo, anagona pa mphasa imodzi, ndipo mwezi usanathe mfundo za zala za Margarida zinatupa moti munthu wodutsa ankatha kuona. Zinali zofunda, zonyezimira. Amayi a m'mudzi anaziona pachitsime m'mawa, ndipo pofika masana matendawo anali atapatsidwa dzina: mdulo.

Aliyense kumeneko ankadziwa mayendedwe a mdulo. Mwamuna akagona ndi mkazi wina kutali, amabwera ali wotentha. Kutenthako sikuwoloka mtsinje pakokha ayi. Kumadikira mwini wake afike, adye ndiwo za mchere ndi a m'nyumba mwake, agone nawo pamodzi, ndiye wina amayamba kutupa. Mankhwala ake analipo, mizu yodziwika bwino, koma sinkagwira ntchito mpaka wolakwayo atavomera ndi pakamwa pake. Chiyambire tsiku limenelo a Cipriano ankadyera okha pansi pa nkhokwe, ndipo kachitini ka mchere sankaloledwa kukakhudza.

Lachisanu kunabwera a Yosiya, mlongo wake wamkulu wa Margarida, amenenso anali mwini mbumba. Sanali munthu waukali. Anali mmisiri wa matabwa wopanda misomali, amene mkazi wake anaponda bomba panjira ya kuchigayo chaka chapitacho. Anakhala pa mtondo wogwetsa, n'kuyamba kupukuta maondo ndi zikhatho.

"Alamu, tiyeni tikambe ngati amuna. Kuthengo kuja akazi analiko?"

"Analiko," anatero a Cipriano.

"Basi. Palibe akukuweruzani pano. Miyezi isanu ndi iwiri si masiku awiri. Ngakhale tonde womumangira bwino amadula chingwe."

"Ine sindinadule."

"Mungoti eee, alamu. Liwu limodzi. Ine ndinyamule khasu ndikakumbe mizu, mlongo wangayu achire, nkhani ithere pomwepo."

A Cipriano atayamba kulankhula, mawu awo anali osakwera osatsika, ngati munthu akuwerenga matumba.

"Ndinasenza chimanga cha eni ake. Ndinasenza mabokosi a zipolopolo. Ndinabereka munthu wa mwendo umodzi masiku atatu, wafera pamsana panga ine osadziwa, ndikungoyenda. Zimenezo mukafuna ndivomera pamaso pa mudzi wonse. Mkazi ayi."

"Mukundipatsa ntchito yolemera," anatero a Yosiya. "Mkazi wanga ndinamutola m'lichero. Mlongo wanga sindingamuonerere akufa pang'onopang'ono pamene mizu ili apo kudambo. Ndibwera Lolemba m'mawa. Mukadzakhala musanavomere, mudzatenge khasu lanu ndi mphasa, mubwerere kwanu."

A Cipriano anali mkamwini, ndipo kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje, kumene tsopano kunkalamulira anthu omwe aja anawathawa. Wothawa akagwidwanso sankamusenzetsa katundu kachiwiri. Ku Zambia, kumene mwana wawo Fátima anathawira ndi mwamuna wake, sakanafikako. Njira ya kumalire ku Cassacatiza inkafuna chikalata cha ulendo, ndipo asilikali a panjirayo akanangoona mapewa aja akanadziwa kumene munthuyo wachokera. Onse atatu ankadziwa zimenezi, choncho palibe anazitchula.

Margarida anali pa mwala wake uja, manja ali pamiyendo. Anamva zonse ngati nkhani ya kumudzi wina. Mumtima mwake munali kanthu kamodzi kokha kamene kankayenda, ndipo sankafuna kukayang'anitsitsa: mdulo uli ndi mizu. Munthu amamwa, kutupa n'kuphwa, zala n'kugwiranso munsi.

Lamulungu anapita kukapemphera. Kachalichi ka ku Nsadzo kanali kopanda denga chiwotchedwere, ndipo apadiri, ansembe aja, anali asanafikeko zaka zitatu. Ankatsogolera mapemphero ndi mayi Adelaide, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene anagwira ntchito zaka makumi awiri pa chipatala cha ku misau, kumishoni kuja, nthawi ya airima, masisitere aja, kuchapa mabandeji ndi kugawa mankhwala. Moni wawo wa m'manja unali wotchuka. Amuna ankati ukawapatsa dzanja uziwerenganso zala pobweza.

Itakwana nthawi yopatsana mtendere, Margarida anachedwa kubisa dzanja m'kapulana. Mayi Adelaide analigwira n'kulifinya mopingasa, pamene zala zimayambira. Ululu unathamanga mpaka m'mano. Pakamwa pake panatuluka kamawu kangati ka mwana wa galu atamuponda. Mayi Adelaide sanalisiye dzanjalo. Anangofewetsa kagwiridwe, n'kuliyang'ana.

"Mutsale tikamaliza, amayi a Fátima."

Anthu atabalalika anamukhazika pa khoma logumuka, dzuwa likuwomba m'chalichimo.

"Bweretsani linalo. Eee. Taonani, onse awiri, malo amodzimodzi, ngati mapasa. Tafumbatani."

Margarida anayesa. Zala zinafika pakati n'kuima.

"M'mawa zimakhala bwanji?"

"Zouma. Ngati si zanga."

"Mpaka nthawi yanji?"

"Mpaka dzuwa lifike pa mango."

"Mukayamba kugwiragwira zinthu zimafewako?"

"Pang'ono."

"Nanga zala za kumapazi? Poponda koyamba?"

Margarida anawayang'ana. Za mapazi anali asanauzepo munthu.

"Ngati timiyala," anatero.

Mayi Adelaide anapapasa pamkono ponse mpaka pachigongono, n'kupeza kambulu kolimba ngati nzama pansi pa khungu. Anakakankha ndi chala, kosapweteka.

"Kutopa?"

"Ndani sakutopa masiku ano?"

"Musandiyankhe ngati msilikali wa pamsewu. Ndikunena kutopa koti mwagona usiku wonse koma mwadzuka ngati mwalima ndime ziwiri. Thupi kufundafunda, chakudya osachifuna."

"Eee. Kumeneko."

Kunja mbalame zinkalira pa mitanda yopsa ya denga. Margarida anati, "Akuti ndi mdulo."

"Ndamva. Kuno nkhani imayenda kuposa kolona ya magalimoto a asilikali. Ine sindikangana ndi makolo athu, anaona zambiri. Koma amene ndinawaona akutchulidwa mdulo ankatupa nkhope ndi miyendo, akutsokomola. Ichi n'china, ndipo nkhope yake ndikuidziwa. Ku misau kunali irima wina wosoka, ndinkamuthandiza kuvala m'mawa uliwonse zaka zisanu ndi chimodzi. Manja ake anayamba chonchi. Kodi irimayo anamudula ndani? Mwamuna wake anali Yesu."

Margarida sanaseke, koma mayi Adelaide sanadikire kuti aseke.

"Ndi nyamakazi. Osati ija ya okalamba yogwira bondo limodzi lotopa ndi mtunda. Iyi imagwira munthu akadali ndi mphamvu zake, makamaka ife akazi. Imasankha timfundo tating'ono, kumanja ndi kumanzere mofanana, ndipo imakonda m'mawa. Imabwera, imapumira, imabweranso. Palibe munthu amaibweretsa m'nyumba."

"Imatha?"

"Sindingakunamizeni m'nyumba ya Mulungu, ngakhale ilibe denga. Siitha. Amangoichepetsa ukali. Muziviika manja m'madzi ofunda mukadzuka, muzizigwiritsa ntchito zalazo mofatsa, musazisiye zigone. Asipirina amathandiza ululu, akafika ku Chifunde ndidzakupempherani. Mankhwala amphamvu ali ndi madokotala ku Tete, nkhondo ikadzatsegula njira."

"Nanga irima uja?"

"Zala zinapendekera mbali imodzi, ngati udzu m'madzi oyenda. Koma anakhala ndi moyo, ankatilalatira mpaka tsiku lokwera ndege." Mayi Adelaide anabweza manja aja pamiyendo ya mwini wake, limodzi ndi limodzi. "Zinayamba liti?"

"Atabwera bambo a Fátima."

"Apo ndi pamene anthu anaona. Ine ndikufunsa inu."

Margarida anaimirira, n'kutsazika, n'kuuyamba wa kunyumba.

Yankho linamupeza panjira, pafupi ndi chikhomo chimene kale ankamangirirapo mbuzi. Unali mwezi wa Junyu, kukuzizira, a Cipriano atatha kale miyezi iwiri m'thengo. Mfuti zinalira mbandakucha cha kusukulu, mudzi wonse n'kubalalika kulowera kuphiri. Iye anathamangira mbuzi yake imodzi yomwe inatsala. Mfundo anali atamanga yekha dzulo lake, mfundo yosavuta, koma zala zinangoterereka pa chingwe ngati timitengo. Anayesa ndi mano. Ndiye anatulukira a Yosiya akuthamanga, n'kumukankhira pambali, n'kumasula kamodzi, akukuwa kuti, "Manja amenewa mwabwereka kwa ndani?" Iye anati ndi chisanu cha kugona m'thengo. Miyezi yotsatira anaphunzira kunyamula ndowa ndi mikono, kuswa mtedza ndi mwala. Sanauze munthu. Nthawi yothawathawa, wa manja akufa amasanduka katundu wa anzake.

Anapeza a Cipriano atakhala pansi pa nkhokwe akukhomera khasu pa mpini. Mphasa yawo yakale inali itakulungidwa kale, yomangidwa ndi luzi, yotsamira khoma.

"Bambo a Fátima."

"Ee."

"Mukanangonena."

A Cipriano anaika khasu pansi. Sanakwiye.

"Mukandiuza inu kuti ndinene, ndinena. Alamu ayi, koma inu. Kungoti mukamwa mizuyo osachira, adzati ndabisa wachiwiri. Ndidzavomeranso. Kenaka wachitatu." Anatolanso khasu lija. "Ndinabwera ndilibe nsapato, ndilibe malaya. Kusadula chingwe kuja, chimenechi chokha ndi chimene ndinabwera nacho."

Margarida anaima pomwepo kanthawi, n'kulowa m'nyumba. Sanawauze kuti anene, sanawauzenso kuti asanene.

Lolemba kunacha kuli mitambo. Manja anali gwa, kuposa masiku onse. Anatuluka kapulana ili m'khwapa, n'kukhala pa mwala. A Cipriano anali atavala kale, atakhala pafupi ndi mphasa yawo. Posakhalitsa a Yosiya anatulukira ndi kakhasu kokumbira mizu paphewa, nkhope ikuoneka kuti nawonso tulo sanatione.

"Mwadzuka bwanji, a Nabanda mlongo wanga? Alamu, mwadzuka? Ndabwera monga ndinanenera."

A Cipriano anaimirira n'kuwerama kuti anyamule mphasa.

"Taimani," anatero Margarida. Mawuwo anatuluka ouma ngati zala zake. "Alongo, ndikufunseni. Tsiku lija tinathawira kuphiri, mfuti zitalira kusukulu, mbuzi yanga anamasula ndani?"

"Mbuzi? Mbuzi inadyedwa kalekale, lero mukuifunsa?"

"Anamasula ndani?"

"Ndine. Inu munali mukuluma chingwe ngati khoswe."

"Munati chiyani?"

A Yosiya anakanda m'mutu. "Ndinati... manja mwabwereka kwa ndani. Munthu akamathawa amalankhula zilizonse, musasunge zimenezo."

"Sindinasunge. Ndinaiwala dala. Unali mwezi wanji?"

"Junyu. Kunali chisanu."

"Bambo a Fátima anali kuti?"

A Yosiya anayang'ana a Cipriano, anayang'ana manja a mlongo wawo. Kakhasu kaja anakatsitsa paphewa pang'onopang'ono.

"Chinali chisanu chabe chija," anatero, koma motsitsa.

"Chisanu chinatha, manja sanabwerere. Mu Agosto munandifunsa chifukwa chimene ndinkaswera mtedza ndi mwala. Mdulo suwoloka mtsinje pawokha, munandiphunzitsa ndinu. Munthu uyu anafika matenda atakhala kale m'nyumba miyezi isanu. Matendawo ndiwo anamulandira."

"Nanga bwanji osanena nthawi yonseyi?"

"Poyamba ndinkaopa kuti mudzanditenga ngati mtolo. Kenaka anthu atati mdulo, ndinaona kuti bola umenewo, uli ndi mizu."

Ananena zimenezi amuna ake ali pomwepo, osawayang'ana. A Cipriano anali chiwerameni, dzanja lili pa mphasa.

Kenaka anafotokoza zimene anamva m'chalichi: manja onse awiri mofanana, kuuma kwa m'mawa, timiyala ta kumapazi, kambulu ka pachigongono, irima wosoka uja. A Yosiya anapukusa mutu.

"Mayi wa kuchalichi uja chilichonse amati anachiona ku misau."

"Asiyeni mayi Adelaide. Ine ndikunena za mbuzi."

A Yosiya anakhala pa mtondo uja. Anatenga kakhasu n'kuyamba kuchotsa dothi louma ndi chikhadabo, ngakhale kanali koyera kale.

"Ndiye tikumba chiyani?"

"Palibe chokumba. Akuti siitha."

"Siitha," anabwereza a Yosiya. Kenaka anati, "Ndikanakonda ukanakhala mdulo."

"Inenso," anatero Margarida.

Mitambo inang'ambika pang'ono, dzuwa n'kukwera mpaka linafika pa mango. Zala zitayamba kumvera, Margarida anasonkha moto, n'kutereka nkhwani umene anatchola dzulo lake. A Yosiya sanapite. Ndiwo zitabwata Margarida anatenga kachitini ka mchere, mchere wa ku Zambia umene Fátima anatumiza ndi munthu wina, wotsala pang'ono pansi. Analowetsa zala ziwiri kuti atsine. Zinakana kukumana. Anayesanso, timibulu tiwiri n'kugwera m'phulusa. Anayang'ana kachitiniko, n'kukatambasulira kumene kunali amuna ake.

"Bambo a Fátima, tadzathirani."

A Cipriano anayang'ana kaye kwa alamu awo. A Yosiya maso anali pa kakhasu. Ndiye a Cipriano anabwera, n'kugwada pa mafuwa, n'kutsina mchere ndi zala zawo zazikulu zija, n'kuthira.

Chakudya chitapsa, Margarida anaika mbale imodzi pakati pa amuna awiriwo, pamthunzi wa nkhokwe. A Yosiya anaiyang'ana mbaleyo nthawi yaitali, moti ntchentche inatera m'mphepete n'kuulukanso. Kenaka anakokera madzi, n'kusamba m'manja, n'kupisa m'ndiwo. Anatafuna mofatsa, n'kumeza.

"Mchere wachuluka, alamu."

"Ndiphunzira," anatero a Cipriano.

Margarida anathira m'beseni madzi otsala pamoto, n'kuviikamo manja onse awiri monga anamuuzira. Anadikira kuti amve kanthu mumtima, chimwemwe kaya chisoni, koma anangomva kufunda kwa madzi. Zala zinali pansi pa beseni, zotupa, zofanana ngati mapasa. Madzi atazizira anaimirira. Mphasa ija inali ikadatsamira khoma. Luzi lake sakanatha kumasula, choncho anaipanira pakati pa mikono n'kuikokera m'nyumba ili chimangire.